Honest Namakhwa ndi Ankhoswe a M'kompyuta

Ku Limbuli anthu sadzaiwala m'mawa umene alimi onse a kalabu ya tiyi anadzuka ali a Wyson. Amuna, akazi, ngakhale mkulu wa mpingo, aliyense wokhala ndi foni, foni yake inalira n'kumuuza kuti, "Mwadzuka bwanji a Wyson Muhiwa, lole yotenga masamba ibwera mawa." Azimayi ena anafunsidwa mafunso ovuta ndi amuna awo tsiku limenelo. Wyson weniweniyo, mlimi wofatsa wa ku Milonde, anayenda chifuwa chili patsogolo ngati wawina chisankho.

Wolakwa anali Honest Namakhwa, amene amasunga mayina ndi makilo a alimiwo m'kompyuta. Iye ankangofuna kukonza dzina limodzi lomwe analilemba molakwika. Analamula nkhokwe ya mayina kuti, "Sintha dzina likhale Wyson Muhiwa," koma anaiwala kachidutswa komaliza konena kuti dzina la ndani. Kompyuta sifunsa kuti, "Mwati onse?" Inangomvera ngati mkamwini watsopano. Mwayi wake, anali atasunga kope lina pa fulashi, choncho pofika masana aliyense anabwezeredwa dzina lake.

Honest anabadwira m'malaini a esiteti pafupi ndi Chinakanaka, bambo ake akuthyola tiyi, mayi ake akugulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Atamaliza Folomu 4 anakhala pa benchi pamsika wa Limbuli n'kumaikira anthu nyimbo m'mafoni, ndipo bandulo ikatsalako ankaonera mavidiyo ophunzitsa kulemba mapulogalamu. Kalabu itatopa ndi kutuma munthu wa wezulo pa njinga kukalengeza za lole, iye anadzipereka, ndipo anapanga kanthu kogwira ntchito ndithu.

Koma munthuyu ali ndi khalidwe limodzi lodziwika: amadana ndi mkhalapakati. Mbuzi amagula kwa mwini khola. Kutchalitchi, mlaliki wa Chilomwe akabwera ndi womasulira, Honest amang'ung'udza kuti womasulirayo akuthira mchere wake. Ndiye ndi nkhokwe ya m'kompyuta amalankhulanso nayo pamaso m'pamaso, m'chinenero chake chotchedwa SQL, lamulo lililonse akulemba yekha ndi zala zake.

Amene samupatsa mtendere pa nkhaniyi ndi msuweni wake Diana, yemwe amalemba mapulogalamu pa kampani ina ku Blantyre. Nkhani ya a Wyson itamufika, anaimba foni akuseka mpaka kutsamwa.

"Amuna anga, ndamva mwabatiza mudzi wonse tsiku limodzi! Ubusa munauyamba liti?"

"Chala chinaterereka, akazi anga. Inu simunaphonyepo?"

"Ine ndili ndi ankhoswe. Ndinakuuzani kale za ORM."

ORM imeneyi ndi pulogalamu yoima pakati pa munthu ndi nkhokwe. Iwe umangotenga mlimi mmodzi, kumusintha dzina, n'kunena kuti sunga. Iyo ndiyo imakalemba SQL ija mwaulemu ndi mosamala, osaiwala kuti mlimi wake ndi uti. Honest anayankha kuti ankhoswe amadya nkhuku za anthu n'kumachedwetsa nkhani, ndipo anadula foni.

Kenaka panabuka vuto lenileni. Kumeneko foni imodzi imatumikira nyumba zingapo, ndipo mayina a pa chitupa si amene anthu amaitanirana. Meseji ikabwera yakuti "a Spencer Khoromana", mwini foni ankafunsa kuti ameneyo ndani, pamene Spencer ndi bambo wa khomo loyandikana, yemwe dziko lonse limamudziwa kuti Pilato chichitireni sewero la Pasaka ali mnyamata. Lole inkabwera, a Pilato osadziwa, osathyola, ndipo masamba awo ankakhwimira m'munda. Amayi ena amadziwika ndi dzina la mwana, ena ndi dzina limene kapitawo wa esiteti anapatsa agogo awo atalephera kutchula la Chilomwe.

Wapampando wa kalabu, mayi Emma, sazungulira polankhula.

"Achimwene, mvula yayandikira, tiyi ayamba kuphuka. Mukapanda kukonza kuti meseji izifika kwa mwini wake, tibwerera ku wezulo. Wezulo sanatchulepo munthu kuti Wyson."

Honest anaona kuti ntchito yakula. Kunkafunika kuwonjezera malo atsopano m'nkhokwe, a dzina lodziwika nalo, komanso kulekanitsa mwini foni ndi mwini munda. Kumeneko ndi kugumula khoma la nyumba anthu ali m'katimo. Kale zotere ankangochita ndi manja, pa laputopu yake kenaka pa kompyuta ya ku ofesi, ndipo nthawi zina ankaiwala kuti wasintha iti. Tsopano, pokumbukira za a Wyson, sanafunenso kuchita ndi manja. Anaimbira Diana, atakhala pakhonde, foni ili pa sipika chifukwa sipika ya kukhutu inafa kalekale.

Diana anamufotokozera za maigireshoni. Kusintha kulikonse kwa kamangidwe ka nkhokwe umakulemba m'kafayilo kakekake kokhala ndi nambala, ndipo chida chimatsatira manambalawo, kukumbukira pamene chafika. Kafayilo kabwino kamanena njira yopitira kutsogolo ndi yobwerera m'mbuyo.

"Maigireshoni, ndiye kuti kusamuka?" anafunsa Honest.

"Eya. Muyambe mwayeserera pa kope. Zikayenda, Lachisanu muwasamutse onse, asatsale ndi mmodzi yemwe."

Kuseri kwa mpanda, mayi Rosie, oyandikana nawo nyumba komanso membala wa kalabu, ankayanika nandolo. Mayiwa makutu awo amamva ngakhale nyerere ikutsokomola, koma amangotola theka la nkhani, theka linalo amapanga okha. Dzuwa lisanapendeke, msika wonse unali utadziwa kuti Honest ndi anthu a ku Blantyre akonza zosamutsa alimi onse Lachisanu. Kupita kuti? Kwina kuti, ngati si kutsidya kwa malire a dziko ku Muloza kumene anachokera makolo? Ena anapsa mtima. Ena anayamba kufunsa mtengo wa mbuzi. A Pilato okha ndiwo anati alibe nazo vuto, bola akawasonyeze mtengo wa mango umene agogo awo ankaukamba, ndipo anayamba kupatsa anthu moni wa kutsidyako wa "bondiya" kuti lilime lizolowere.

Honest sanamve kanthu, chifukwa anali atadzitsekera ndi laputopu, akuyesa ankhoswe aja monyinyirika. Pa kusintha dzina ndi kuwonjezera mlimi, anavomera mumtima kuti ankhoswe amadziwa ntchito. Ngakhale atafuna, zinali zovuta kubatizanso mudzi wonse mwangozi. Koma atawatuma kuwerengetsa makilo a mwezi a kalabu yonse, laputopu inayamba kulira ngati chigayo. Atasuzumira, anapeza kuti ankhoswewo akupita ku nkhokwe kukafunsa za mlimi mmodzi, kubwerako, kupitanso kukafunsa za wina, ngati munthu wogula tomato mmodzimmodzi ulendo uliwonse. Iye analemba funso limodzi la SQL, yankho n'kutuluka asanaphethire. Anaimbira Diana kuti amunyogodole.

"Mukanawauza kuti atengere pamodzi," anatero Diana. "Amatha."

"Ndiwaphunzitsenso ntchito ine? Ayi. Zosintha anthu apite ankhoswe. Zowerengetsa ndipita ndekha."

"Ndiye mwakula, amuna anga. Ku ofesi kwathu nafenso timatero."

"Bwanji osanena kale?"

"Mukanamva?"

Lachisanu Honest anafika pa shedi yopimira masamba n'kupeza khamu limene silinabwerepo ngakhale pa tsiku la feteleza. Nkhope zinali zolimba. Mayi Emma anaimirira, manja m'chiuno.

"Achimwene, tiuzeni pamaso pa anthu. Mukutisamutsira kuti?"

Honest anayang'ana khamulo, kenaka anaona mayi Rosie akubisala kumbuyo kwa sikelo, ndipo zonse zinamveka. Anafuna kuseka koma anaona kuti a Lackson, mlonda wopuma ntchito, abwera ndi chibonga. Anaika laputopu pa tebulo n'kufotokoza kuti osamuka ndi mayina okha, kuchoka m'chipinda chopanikizika kupita m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo zikavuta chinthucho chimatha kubwerera m'mbuyo, zonse n'kukhala monga zinalili.

"Dinani tione," anatero a Lackson, osatsitsa chibonga.

Anadina. Mizere inathamanga pa galasi n'kuima. Anthu anayang'anana, ena anaponda pansi kuti atsimikize. Onse anali adakali ku Limbuli. A Pilato anadandaula mokweza kuti anachapiratu jekete pachabe, ndipo shedi yonse inaphulika ndi phwete.

Zitatero ntchito inasanduka chikondwerero. Honest ankatchula dzina la pa chitupa, khamu n'kuyankha dzina lenileni, iye n'kulemba. "Millie Nakoma!" "Make Kondi!" "Juma Saidi!" "Shehe Wamng'ono!" Ena ankakana mayina awo, koma khamu linkawagonjetsa. Pomaliza anatumiza meseji yoyesera, mafoni analira m'matumba ndi m'mipango, ndipo eni mafoni anayamba kuitana anzawo mosafunsa: "A Pilato, yanu iyi!" Mayi Emma anagwedeza mutu n'kunena kuti wezulo apatsidwe a timu ya mpira.

Honest anabwerera kunyumba akuimba mluzu, laputopu ili kukhwapa. Asanatsegule chitseko, anamva mpanda ukugwedezeka. Anali mayi Rosie, amene anathawa pa shedi mayina asanayambe kuitanidwa, moti dzina lawo lodziwika nalo linaperekedwa ndi khamu iwo kulibe. Anatukula foni m'mwamba, meseji ikuwala: "Mwaswera bwanji a Wayilesi, lole ibwera Lolemba."

"Iwe Honest, unati chinthu chakocho chimabwerera m'mbuyo? Chibweze lero lomwe. Wayilesi ndi amako!"