Mbalame ya M'chifuwa cha a Lezala

Mukafunsa dzina lawo lenileni, anthu a mumsewumo amangokanda m'mutu. Onse amawadziwa kuti a Penti, ndipo malemu akazi awo anali a Lezala. Banjali linkatola mipando yothyoka msana, matebulo otsimphina ndi makabati amene ngakhale mphemvu zinasamukamo, n'kuzibwezera unyamata pakhonde pawo.

A Penti ankapala matabwa ndi sandipepa n'kupaka utoto. A Lezala ankadula masitensulo, mapepala obowola maluwa amene umagoneka pathabwa n'kudinda utoto m'mabowomo. Makatoni ankanyowa msanga, choncho mayiwa ankapempha mafilimu akale a ekisire, zithunzi za mafupa zojambulidwa kuchipatala, kwa aliyense amene anathyokapo fupa. Telala wa pakona mpaka lero amanyadira kuti maluwa a patebulo lake anatuluka m'bondo lake.

Podinda, a Lezala ankapanikiza filimu ndi zala, a Penti n'kugwira siponji. Apa m'pamene pankayambira nkhondo.

"Bambo inu, musapake! Gogodani! Siponji ikhale ngati youma, muzigogoda mwaulemu ngati mwafika kwa apongozi. Mukapaka, utoto umalowa pansi, duwa n'kusanduka chilonda."

"Zaka makumi atatu ndikugogoda, mayi, simunandiyankhepo kuti lowani."

"Munalowa kalekale, n'chifukwa chake ndaonda chonchi."

Kuondako kunadzakhala kwenikweni. A Lezala anayamba kutsokomola, ndipo tsiku lina anabwera kuchokera kuchipatala ndi filimu yawoyawo. Dokotala anali atawaonetsa kamtambo koyera pansi pa nthiti. A Penti anakhala pansi. Koma mayiwa anayang'ana filimuyo padzuwa, nati, "Yolimba bwino chonchi itayike?" Anatenga lezala n'kudula kambalame pomwe panali kamtambo paja.

"Onani, bambo, ndachotsapo matenda. Dokotala uja anangosowa lezala."

Patatha miyezi isanu anawaika m'manda. Mbalameyo sinadindidwe paliponse.

Kuyambira pamenepo a Penti ankapaka utoto wopanda duwa. Amayi ogulitsa makala anadandaula kuti kabati yawo yabwerako ngati khoma la chipatala, ndipo a Penti anangoti maluwa anatha nyengo. Zoona zake zinali mu envulopu pansi pa matiresi, momwe anabisamo filimu ija. Poti manja a malemu anali atayamba kunjenjemera, phiko la mbalame ija linangogwirira pa kamzere kopyapyala ngati ulusi. Kakanaduka, chomaliza chimene anadula akazi awo chikanatha.

Chaka chitatha, mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, anapeza nyumba yake. Anapempha kabati ya amayi ake, ija ya zitseko ziwiri yosungiramo makapu amene mlendo aliyense ankaoneka kuti sakuwayenera.

"Tenga. Ndiipaka yobiriwira."

"Ndi mbalame ija, ababa. Chitseko chilichonse yake."

"Mbalame iti?"

"Imene mumagonera. Msana ukukupwetekani chifukwa cha iyo."

Anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa anatulutsa kabati pakhonde, naipala mpaka fumbi linawayeretsa nsidze. Utoto utauma, anabwera ndi envulopu ataigwira ngati dzira. Mwana uja anapanikiza filimu pachitseko choyamba. A Penti anaviika siponji mu utoto woyera, naipukuta panyuzipepala, nayamba: go, go, go. Atachotsa filimu, mbalame inali pamenepo, yakuthwa mlomo, yoyang'ana cham'mbali ngati munthu amene wamva miseche ndipo akufuna yonse.

"Amayi enieni," anatero mwanayo.

Pachitseko chachiwiri a Penti analakwitsa chinthu chimodzi: anayang'ana zala zopanikiza filimu. Zinali zala zomwe zija za malemu, zazifupi, chala chaching'ono chitadzuka mwamatama. Pansi pake pankaoneka nthiti. Maso anadzaza misozi, dzanja linaiwala, siponji inakwekwereza.

"Ababa, musapake! Gogodani!"

Mawuwo anatuluka okha, ndi kamvekedwe ka amayi ake komwe. Ngakhale telala, amene ankaonerera ali pamakina ake, anasiya kupalasa.

Atanyamula filimu, kamzere kaja kanali kataduka, phiko likulendewera. Pachitsekopo panali mbalame yonenepa mbali imodzi, utoto ukuyenderera kuchokera kuphiko.

"Ndawapha kachiwiri," anatero a Penti motsitsa mawu, akufufuza sandipepa. "Ndifufute chilondachi."

Mwanayo anawagwira dzanja. "Musaikhudze. Yaudongoyo ndi amayi. Yothimbirirayi ndinu. Mmene munkakhaliramu ndi momwemo, wina waudongo, wina utoto mpaka m'makutu."

A Penti anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali chiseko. Analira ataweramira kabatiyo, mphumi n'kudindika zoyera, ndipo mwana wawo sanawauze.

Kabati inapita madzulo ake pa galimoto ya katundu, mbalame ziwirizo zikuyang'ana mbali imodzi. Filimu yong'ambikayo a Penti sanaibwezere pansi pa matiresi. Anaimata ndi tepi pagalasi la zenera. Maluwa sanayambirenso. Amayi a makala, amene palibe chimawadutsa, amati bambowa akabwera kokagula utoto amaima pakhomo la nyumba yawo yomwe, kiyi ali m'manja, n'kugogoda katatu mwaulemu. Amadikira pang'ono. Kenako amatsegula okha.