Kansalu Kofiira ka Nehemiah Hallock

Amene amati Nehemiah Hallock anali munthu wa mfumu ya ku Mangalande amanama dzuwa likuswa mtengo. Mkuluyu anali munthu wa udzu basi. Kumapeto kwa chilumba cha Long Island, kumene nyanja imalowa m'madambo n'kubwereranso, agogo ake anamusiyira dambo la udzu wamchere, ndipo anakulira m'matope amenewo. Madzi akaphwa ankamweta, n'kukokera udzuwo kumtunda ndi ng'ombe zake zapagoli madzi asanabwerere. Ukamufunsa za mkangano wa msonkho wa tiyi umene unavuta ku Boston, ankangoti iye amamwa mowa wa maapozi. Pa moyo wake wonse ankafuna chinthu chimodzi: mwana wake yekhayo, Jabez, adzakhale m'nyumba imeneyo ndi kumweta dambo limenelo.

Koma nkhondo ikamabwera siodira pakhomo. Asilikali a mfumu ya ku Mangalande atagonjetsa ofuna ufulu kumadzulo kwa chilumbacho, anyamata ambiri anathawira kutsidya la nyanja, ku Connecticut, ndipo Jabez anali nawo. Anachonderera makolo ake kuti akwere naye bwato. Nehemiah anakana, nati dambo sanyamula m'bwato. Onse akachoka wina adzalilanda, nanga Jabez adzabwerera pa chiyani? Mnyamatayo anachoka atakwinya nkhope, mayi ake, Keziah, akupukuta misozi ndi epuloni.

Posakhalitsa kunabwera lamulo loti wofuna mtendere asokerere kansalu kofiira pachipewa, kusonyeza kuti ndi wa mfumu. Wopanda kansaluko, asilikali a pamahatchi ankamugwetsera chipewa ndi lupanga, mwina n'kutengako ndi khutu lomwe. Tsono nsalu yofiira ungaipeze kuti m'mudzi wa anthu ovala zakuda ndi zotuwa? Mudzi wonse inalipo imodzi yokha, siketi yamkati yaubweya imene Keziah anavala tsiku la ukwati wake. Ankaisunga pansi penipeni pa bokosi, ndipo ngakhale Jabez anali asanaionepo. Keziah anaitulutsa, anaisisita kanthawi, n'kulowetsa lumo.

Mbiri inawanda. Woyamba kugogoda kukhomo lakumbuyo anali Gershom Terry, mkulu wampingo, yemwe uja ankalalikira za ufulu mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

“A Terry,” anatero Keziah akumudulira, “pa ukulu wanu wonsewu mukasenze siketi ya mkazi wamwini pamutu?”

Terry anaseka chonyinyirika n'kubisa kansaluko m'thumba. Sabata isanathe siketi yonse inali itathera pa zipewa za amuna a m'mudzimo. Palibe amene anatsala, ndipo wokana zimenezi lero abwere tidzayang'anane.

Akanakhala asilikali okha, bwenzi zili bwinoko. Koma kuchokera kutsidya kunayamba kubwera amuna a mabwato ataliatali osakira anangumi. Ankati akulanga anthu a mfumu, koma kulanga kwake kunali kusesa nyumba mpaka supuni. Munthu anasowa kolowera: kumtunda akufuna chofiira, kunyanja akusaka wovala chofiira. Nehemiah anakhoma misomali iwiri kuseri kwa chitseko, n'kupachikapo zipewa ziwiri. Popita kumsewu ankavala chakansalu, popita kudambo chopanda kanthu. Keziah anamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Iye anamufunsa kuti phanga losadontha ndi liti.

Zaka zinapita mavuto akukulirakulira. Asilikali anasandutsa tchalitchi khola la mahatchi, anazula mipanda n'kusonkhera moto, anadula ndi mitengo ya maapozi yomwe. Udzu wa Nehemiah unali wa mahatchi awo, ndipo ankawapititsira yekha pangolo, afune asafune. Nyengo ina yachisanu, nkhuni zitasoweratu, Keziah anagwidwa chifuwa. Nehemiah anamufunditsa zonse zimene zinali m'nyumba, anathyola ndi mpando n'kuponya pamoto, koma sizinaphule kanthu. Mayiyo anamwalira akufunsa ngati bwato la Jabez laoneka. Mkuluyu analira mosabisa, ndipo kuyambira pamenepo nyumba ija ankaiopa kulowamo.

Tsoka linamupeza tsiku lina lankhungu chakumadzulo, akuchokera kukatula udzu kwa asilikali. Atafika pakhomo anaona mabwato akocheza m'dambo mwake, amuna a mfuti akutsika. Pakati pawo panali wina woponya phewa lamanzere poyenda, mayendedwe a Keziah enieni. Nehemiah anasiya ngolo pomwepo n'kuthamanga ngati kamwana, akuitana dzina la mwana wake. Za misomali iwiri ija mutu wake sunakumbuke n'komwe. Anafika pamaso pa Jabez manja ali tambasu, kansalu kali psuu pamutu.

Mtsogoleri wa gululo, munthu wa mano othothoka, anaseka n'kufunsa Jabez ngati nkhalamba ya mfumuyi akuidziwa. Jabez sanayang'ane nkhope ya bambo ake. Maso ake anakakamira pachipewa.

“Bambo anga sangavale zimenezo,” anatero, n'kubwerera kubwato.

Anzake anagwira ntchito yawo. Anamasula ng'ombe pagoli, anatenga mabulangete, mbale, chopotera ulusi cha Keziah, ndi bokosi lonse la zovala zake. Nehemiah anawatsatira mpaka madzi kumufika m'chiuno, akufuula kuti Jabez amve kuti mayi ake anamwalira. Anaona mapewa a mnyamatayo akugwa, koma mutu sunacheuke.

Dambo sanalisiye. Popanda ng'ombe ankabereka udzu kumsana, madzi akumuthamangitsa, mpaka msana unapindika. Anthu ankati mkuluyu wazungulira mutu. Iye ankangoti likapanda kumwetedwa limera bango, ndiye mwana adzapeza chiyani?

Kenaka nkhondo inatha. Zombo za mfumu zinanyamula asilikali ake, dziko linakhala la eni ake, ndipo tsiku lomwelo tinsalu tofiira tonse tinathera pamoto. Terry anayambiranso kulalikira za ufulu ngati munthu amene mutu wake sunakhudzepo siketi ya mkazi wamwini. Poti amabwato anaona Nehemiah yekha atavala kansalu, mudzi wonse unaloza chala Nehemiah yekha. Alibe manyazi anthu amenewa! Mkuluyu anasomola kansalu kake pachipewa, koma kuponya pamoto dzanja linakana. Pa zonse za Keziah n'kokhako kanatsala. Ankakasunga mkati mwa malaya, pachifuwa, ndipo wina atakaona akusamba kumaso pachitsime, mudzi unamva kuti akudikirabe mfumu yake.

Jabez atabwerera anakafikira kwa Terry. Patapita masiku ndi pamene anabwera kwawo, munthu wandevu tsopano, akutsimphina mwendo umodzi. Anaima pakhomo, phazi osalowetsa. Nehemiah anadzuka pamoto n'kumuuza kuti phala lachimanga lapsa, alowe.

“Ndamva kuti mukadali nako,” anatero Jabez. “Anzanga anafera m'zombo zandende za anthu amenewo, Bambo. Kaotcheni ndikuona, ndilowa.”

“Mwana wanga, kansaluka si ka mfumu ayi. Ndi ka…”

“Sindinabwerere nkhani. Muotcha kapena ndizipita?”

Anali atatembenuka kale theka. Nehemiah anadziwa kuti msana umenewo akauonanso kachitatu, basi, sadzaonanso nkhope. Analowetsa dzanja m'malaya, anatulutsa kansaluko kali kofunda, n'kukaika pamakala. Ubweya suyaka ngati nsalu zina. Kanangokwinyika, kanada, kanasanduka kakhala kakang'ono konunkha.

Jabez anavula chipewa n'kulowa. Anakhala pachitsa chimene chinalowa m'malo mwa mpando, analandira phala, n'kumayang'ana makoma opanda kanthu: pamene pankakhala mbale, pamene pankakhala chopotera ulusi, pakona pamene panali bokosi. Ankadziwa bwino bwato limene zinakwera. Supuni inaima m'mbale. Atayankhula, mawu ake anali a mwana uja wakale.

“Bambo, palibe chilichonse cha Amayi chimene chinatsalako? Ngakhale kachigamba, ndingokagwira.”

Nehemiah anayang'ana pamoto. Fungo la ubweya linali lisanathe m'nyumbamo. Akanena, mwanayu adzuka ndi manyazi, ndipo khomo limenelo sadzalowanso.

“Palibe, mwana wanga,” anatero. “Idya, phala lizizira.”

Anatenga kamtengo n'kukwirira kakhala kaja ndi phulusa.