Tsiku Limene A Eusebio Anakweza Maso

Amuna anga a Eusebio Archuleta anagwira ntchito pa njanji ya kwathu ku Chama zaka makumi atatu ndi ziwiri, koma sitimayo sanaikwerepo n'kamodzi komwe. Iwo ankayenda pambuyo pake. Sitima yathu ndi yamakedzana, ya malasha, ndipo ikamakwera phiri imalavula mbaliwali za moto pa udzu wouma. Ntchito yawo inali kuitsatira pa kangolo ka injini, atanyamula thanki ya madzi ndi fosholo, n'kuzimitsa kautsi kalikonse kasanakule. Alendo ankachokera kutali kudzaona mapiri, a Eusebio ankaona udzu.

Chizolowezicho anabwera nacho mpaka kunyumba. Kutchalitchi maso pansi, kusitolo maso pansi. Pa chithunzi cha ukwati wa mwana wathu Marisela tonse tikumwetulira, iwo akuyang'ana nsapato za wansembe. Ndinawanena mpaka pakamwa kuuma, kenako ndinangowasiya.

Atapuma pa ntchito, dokotala wa maso ku Santa Fe anatiuza mosapita m'mbali kuti chaka chikamatha azidzangosiyanitsa usana ndi mdima. Ine ndinalira m'galimoto njira yonse. Marisela sanalire, anakagula matikiti atatu a sitima.

"Ababa, zaka zonsezi mwakhala mukumeza utsi wa anthu ena. Loweruka mukwera ngati bwana."

"Ndikaone chiyani? Njanji imeneyo ndimaidziwa mwala uliwonse."

"Miyalayo mumaidziwa, nanga phiri?" ndinawafunsa ine. Loweruka litafika, anavala malaya awo a kutchalitchi.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mitengo ya makungwa oyera ya kwathuko imasanduka yachikasu phiri lonse. Marisela anawapezera mpando wa pawindo. Anakhalapo mphindi zisanu zokha. Sitima itangoyamba kukwera mtunda, anadzuka n'kupita ku bogi yomaliza, yopanda denga, n'kukaima atafulatira kumene tinkapita, maso pa njanji. Tinawatsatira.

Tinadutsa m'mphepete mwa phompho, mtsinje ukuoneka ngati kaulusi pansi penipeni. Anthu ankafuula, ena kujambula. Ndinawakoka dzanja la malaya.

"Bambo a Marisela, taonani uko!"

"Ndikuona."

"Mukuona chiyani?"

"Udzu wauma kwambiri chaka chino."

Ndinapsa mtima, sindinama. Munthu watsala ndi maso a chaka chimodzi n'kumawathera pa udzu! Marisela anandinong'oneza kuti, "Amayi, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinamuuza kuti nkhono imeneyi ndaidikira zaka makumi anayi.

Titapitirira pakati pa ulendo, a Eusebio ananunkhiza m'mwamba n'kukuwa, "Utsi! Kumanzere!" Alendo anadzidzimuka. Kumbuyo kutali, kangolo kaja kanali kataima kale, ndipo Delfina, mayi amene iwo anamuphunzitsa ntchitoyi, anali akuthira madzi. Amuna anga anagwedeza mutu, nkhope ili mbee. "Wachedwa pang'ono, koma wakwanitsa." Kenako maso anabwerera pansi, ndipo maola anayi onse anatha choncho.

Kutsidya kwa phiri tinapeza galimoto ya Marisela, yomwe anakaisiya dzulo lake. Tinauyamba wobwerera pa msewu wokhotakhota wodutsa m'phirimo. Matotiya amene ndinakonza m'mawa, timikate topyapyala tokulungamo nyemba ndi tsabola, anali chikulungire pamiyendo panga. Marisela ankangoyang'ana kutsogolo, milomo atailuma, ndipo ndinadziwa kuti tsopano kulira kwamufikira.

Titafika pamwamba penipeni pa msewu, a Eusebio anati, "Taima, mwanawe."

"Mukufuna kutaya madzi, ababa? Tatsala pang'ono kufika pa malo omwetsera mafuta."

"Ndati ima."

Anatsika. Poyamba anayang'ana pansi monga mwa masiku onse, n'kupalasa udzu ndi nsapato. Koma kunalibe sitima, kunalibe utsi, kunalibe choti alondere. Anaima manja ali lende ngati munthu amene waiwala chimene anadzera. Ndiyeno, pang'onopang'ono, anakweza mutu.

Chigwa chonse chinali pansi pathu, chachikasu mpaka kumene maso amalekeza, apa ndi apo mitengo ya paini yobiriwira, nsonga za mapiri zitayera ndi chipale chofewa. Anatsinzina, n'kutsegulanso, n'kupendeketsa mutu kuti aonere m'mbali mwa diso, mmene mumaonabe bwino.

"Amake Marisela, njanji ili pati?"

Ndinawagwira dzanja n'kulozetsa chala chawo. "Apo. Kamzere kakuda ako."

"Kameneko? Kuchepa choncho?" Anayendetsa maso chigwa chonse. "Ndiye nkhalango yonseyi ndi ija ndinkadutsamo ija?"

"Yomweyo, bambo inu."

"Yonseyi?"

"Yonse. Mpaka kuseri kwa phiri ilo."

Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Mawu awo atatuluka anali aang'ono, osati a munthu amene anakuwa m'sitima uja.

"Sinapse."

Apo m'pamene mkwiyo wanga unathera, ndipo ndinachita manyazi ndi zaka zonse zimene ndinawaseka. Marisela anabwera n'kuwakoleka dzanja mbali inayo. Palibe amene anatulutsa foni kuti ajambule.

Tinakhala pa mwala n'kudya matotiya ozizira aja. Iwo ankatafuna osayang'ana n'komwe chimene chili m'manja, tsabola akudonthera pa malaya a kutchalitchi. Ndinaona, koma ndinangowasiya. Marisela atafunsa ngati tingapite, anayankha maso ali kutsidya.

"Dikirani pang'ono. Sindinamalize kuona."