Kalendala Imene Anthu Anakana Kupachika

Fungo la matabwa a mukwa likangondipeza, kaya ndili m'basi kaya m'nyumba ya eni, ndimawaona agogo anga a Sakala atawerama pa benchi lawo pansi pa mtengo wa mango ku Chalimbana, pensulo ili kukhutu, puleni ikulira shwii, shwii, zopalidwa za thabwa zikugwa zopotanapotana mpaka kukwirira mapazi awo. Utsi wa kamoto kotenthetsera guluu unkayenda chapansipansi n'kumatilowa m'maso, nkhuku zinkapalasa mu utuchi, ndipo ine ndinkakhala pa chitsa ndikutong'ola chimanga m'lichero, chifukwa kwa ambuya anga, akazi a agogo, mwana wongokhala manja lende ankayesedwa wodwala. Ndinakulira m'manja mwa awiriwa, amayi ali pa ntchito ku Kabwe.

Agogo anali kalipentala, ndipo ankadzimva. Aa, kudzimva kwake! Munthu akabwera kudzafuna mpando n'kuyamba kunenerera mtengo, iwo ankangopitiriza kupala thabwa mpaka munthuyo achite manyazi yekha. Kupempha kanthu kwa mnzawo ankakuona ngati matenda, moti machesi akatha ankalolera kugona osasuta. "Nchito yanga ikamba yeka," ankatero, n'kupuzira utuchi pa thabwa.

Koma inafika nthawi imene ntchitoyo inasiya kumveka. Anthu ogwira ntchito ku Lusaka anali atayamba kugula mapuloti kwathu n'kumamanga nyumba zamalata zikuluzikulu, ndipo nyumba iliyonse inkafuna zitseko, mafelemu, makabati. Zonsezo ankazigula ku tauni. Malole ankadutsa nazo pamphuno pathu penipeni, n'kutisiyira fumbi pa matabwa. Eni nyumbawo ankanyamuka kusanache n'kubwerako kutada, ndiye akanadziwa bwanji kuti pansi pa mango paja pali mmisiri? Kuwonjezera apo, manja a agogo anali atayamba kunjenjemera. Ntchito zolemera zonse, kucheka ndi kunyamula, ankagwira amalume Josefe, mwana wawo womaliza, ndipo tonse tinkadziwa kuti amalume akachoka, benchi lija lisanduka pogona nkhuku.

Tsiku lina madzulo amalume ananena poyera. "Atate, tikakolola ine niyenda ku Lusaka. Mnzanga wanipezela nchito ya ukondakitala. Siningankhale pano kuyembekeza kuti munthu afe ndiye tidye."

Agogo anangotenga chipewa n'kupita kukaona mbuzi zimene anali ataziona kale.

Maganizo a kalendala anawatola ku Nkomeshya, kumene anapita kukazonda m'bale wawo wodwala. Nyumba iliyonse imene analowa anapezamo kalendala ya munthu wina wogulitsa feteleza, ili pakhoma, dzina lake lili m'zilembo zazikulu. Anabwerako atatentha mutu. "Uja wa feteleza ankhala mu nyumba ya aliyense," anatero akuvula nsapato. "Anthu akudya, alipo. Akupemphela, alipo. Ine nili pansi pa mango monga mbuzi yomangiliwa." Anagulitsa mbuzi yeniyeniyo, osawauza ambuya, n'kuitanitsa mnyamata wojambula zithunzi wa pa boma.

Wojambulayo anabwera Lachinayi, tsiku limene ambuya ankapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti agogo anasankha tsikulo dala. Mnyamatayo anawafunsa kuti, "Ba mudala, tijambule chani? Chamene munapanga bwino kupambana vonse." Ndiye tangoganizani, m'mawa womwewo agogo anali atangomaliza bokosi lamaliro la mukwa limene banja lina la ku Kanakantapa linali kudzalitenga pa ngolo. Linali bokosi lokongola, ndisaname. Msomali sunkaoneka ndi umodzi womwe, m'makona munalumikizana ngati thabwalo linamera choncho, ndipo vanishi ankawala moti munthu n'kudziona nkhope. Agogo anavala suti yawo yakuda, anaimirira pambali pake, anaika dzanja pa chivundikiro, n'kumwetulira mano onse panja.

Makalendala anafika Khirisimasi ili pafupi, atakulungidwa m'pepala lakhaki, akununkhira inki. Agogo anamasula chingwe pang'onopang'ono tonse titazungulira. Pamwamba panalembedwa kuti SAKALA NDI ANA, pakati pali iwo ndi bokosi lawo, ndipo pansi pa bokosilo pali miyezi yonse ya chaka, tsiku ndi tsiku.

Ambuya anagwira kukamwa. "Mayo ine! A Sakala, mwapenga? Mufuna munthu azipenda masiku yake pansi pa bokosi?"

"Yanganani makona aya," agogo anayankha, akuloza ndi chala. "Ni kalipentala uti mu Chongwe muno angapange so?"

"Nani azayangana makona? Azayangana manda!"

Sanamve. Lamulungu, mapemphero atatha, anaima pakhomo la tchalitchi n'kumapatsa mkulu aliyense kalendala yake ngati mphatso. Anthu akwathu ndi aulemu, analandira ndi manja awiri, ena mpaka kuwomba m'manja. Koma ndinkawaona akafika pa mtengo wa mkuyu wa m'njira, akuifunyulula, akuima, akuyang'anana, kenako n'kuipinda msangamsanga ngati yawatentha.

Palibe anaipachika. Ndinkalowa m'nyumba za anzanga n'kumayang'ana makoma, wa feteleza yekhayekha. Mayi wina woyembekezera anaiponya m'chimbudzi. Mkulu wina wodwala chifuwa anatuma mdzukulu wake kudzaibweza, ndipo tinaipeza m'mawa pa benchi atatsamiziritsa mwala. Kuchitsime kunayamba manong'onong'o oti a Sakala akuitana maliro kuti malonda ayende, ndipo anzanga kusukulu ankandifunsa ngati kwathu timagona m'mabokosi. Ndinamenyana ndi mtsikana wina chifukwa cha zimenezo, ndipo sindinong'oneza bondo. Ngakhale amene ankabweretsa mipando yothyoka miyendo anasiya kubwera. Dzinja lonse puleni inalira mwa apo ndi apo, ndipo agogo ankangonola zipangizo zonolanola kale. Ndinkawamvera chisoni kwambiri, koma ukawasonyeza chisoni ankakukalipira.

Ambuya sanali munthu wonena kuti ndinakuuzani. Ananena kamodzi kokha, mwina kawiri. Kenako anagwira nkhuku zawo zoikira n'kukazigulitsa, anaitana wojambula yemwe uja, n'kupita naye okha kutchalitchi kukajambulitsa chitseko chachikulu chimene agogo anapanga ali mnyamata, chimene mvula ya zaka zonsezo inalephera kuchipinda. Chithunzicho anapatsira mphunzitsi wina woyandikana nafe amene ankapita ku Lusaka mwezi ukatha. Anabwera ndi timapepala tating'ono tobiriwira, tokwana m'thumba la malaya. Panali chitseko chija, dzina lomwe lija la SAKALA NDI ANA, mawu oti "pa mango, msewu wa ku Chalimbana", ndi nambala ya foni ya amalume.

Ambuya anaika timapepalato patebulo pamaso pa agogo. "Munthu womanga nyumba afuna kuona chamene azangena nacho, osati chamene azachoka nacho," anatero ambuya. "Aba ba ku Lusaka mungabapeze pa stesheni chabe, kuseni-seni. Muyende mukabapase."

Agogo anakankha timapepalato ndi chigongono. "Ine? Niimilile pa stesheni monga wopemphapempha? Iyayi. Kalendala inali mphaso. Ivi ni kupempha."

Ambuya miyendo inkawavuta, sakanatha kuyenda mtunda umenewo m'mawa. Amalume anati iwo za malo ano anathana nazo. Timapepala tija tinakwera pamwamba pa kabati n'kuyamba kusonkhanitsa fumbi, chimanga chinalowa m'nkhokwe, ndipo amalume anachapa zovala zawo n'kuzilongedza m'chikwama.

Tsiku lonyamuka linali la mu Juni, kuzizira koluma zala. Ambuya anandidzutsa kuti ndiperekeze amalume, ndiwanyamulire kathumba ka mbatata ndi nsinjiro. Agogo munalibe m'nyumba. Ambuya anati mwina apita kudimba, ndipo amalume anaseka mowawidwa mtima. "Basi, safuna na kunilaila," anatero, poona kuti atate awo sanawatsanzike. Tinayenda, udzu wonyowa ukutikwapula m'miyendo, atambala akulira m'midzi, utsi woyamba ukutuluka m'makhitchini a eni.

Titayandikira siteshoni, pamene maminibasi ankaima injini zikulira, ndinaona mzere wa anthu ovala majekete, azimayi a zikwama zam'manja, abambo a mataye, aliyense maso pa foni. Ndipo pakati pawo panali munthu wamtali wa suti yakuda, akuyenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, atanyamula kamtolo kobiriwira pachifuwa. Anali agogo.

Sanatione. Tinaima kuseri kwa kantini, amalume atagwira chikwama, ine mbatata zanga. Agogo ankavula chipewa kwa munthu aliyense, ngakhale ana oti akanakhala adzukulu awo, n'kutambasula dzanja, kapepala kakunjenjemera kunsonga kwa zala. Ena ankalandira osawayang'ana. Ena ankapukusa mutu. Mnyamata wina wa taye yofiira anawauza mokweza kuti, "Ba mudala, lelo nilibe kanthu, mukayese mailo."

Ndinkadziwa mawu amene agogo akanatha kumubwezera, chifukwa pakamwa pawo sipankasowa zonena. Koma anangoti, "Sinipempha, mwana wanga. Nipanga viseko."

Mnyamatayo analandira kapepalako, n'kukagwetsa pansi akukwera basi. Agogo anawerama. Anatenga nthawi kuti afike pansi, dzanja lina litagwira bondo, ndipo atakatola anakapukuta pa buluku la suti yawo, mbali iyi ndi inayo, n'kukapereka kwa mayi wotsatira, chipewa chili m'manja. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo sindinayese n'kuibisa komwe.

Kondakitala anali akukuwa kuti, "Tauni! Tauni! Umozi chabe!" Anawaona amalume ndi chikwama chawo, anathamanga kudzachilanda, n'kuchiponya pansi pa mpando. Amalume anamutsatira mpaka pakhomo la basi, phazi limodzi linakwera. Anaima choncho, kondakitala akumenya denga la basi kuti alowe. Kenako anasolola chikwama chija, n'kundiponyera ine ngati kuti mbatata sizinandikwane, n'kulunjika kwa agogo.

"Atate, nipaseni," anatero. "Imwe simuziba kukamba na anthu."

Agogo anawayang'ana, anayang'ana chikwama chili kwa ine, n'kuwapatsa kamtolo konse. Ndiye amalume anatsegula kukamwa kumene ankafuna kukakugulitsa ku Lusaka kuja. "Viseko vya mukwa! Ba mayo, nyumba yabwino so, muikeko chiseko cha makatoni? Ba bosi, tengani, ni pafupi, pa mango chabe! Chikapindika mubwele munimenye nacho!" Anthu anayamba kuseka n'kumatambasula manja okha, ena kudzera m'mawindo. Basi ija inanyamuka malo a munthu mmodzi ali opanda munthu.

Ndisakunamizeni kuti ntchito inagwa ngati mvula. Panapita masabata foni ili zii, ndipo chikwama cha amalume chinakhala chosamasula kuseri kwa chitseko. Koma m'mawa uliwonse amalume ankabwerera kusiteshoni ndi timapepala tija. Woyamba kufika kudzafuna zitseko anali nesi wina amene ankamanga kufupi ndi koleji ya kwathu, kapepala katapindidwa m'chikwama chake, akufunsa ana m'njira kuti pa mango ndi pati. Atamuikira zitseko, woyandikana naye anabwera, kenako mlamu wake wa woyandikana nayeyo. Ambuya analamula kuti chikwangwani cha pamsewu chipakidwe utoto wobiriwira womwewo, ndipo anasindikizitsa timasitika tobiriwira toti tizimatidwa kuseri kwa chitseko chilichonse chotuluka pa benchi lija. Anthu anayamba kufika akufunsa kuti, "Ndimwe ba pepala ya gilini?" Chikwama chija sindikudziwa tsiku limene chinamasulidwa, ndinangoona ambuya akusungiramo mbewu ya nyemba.

Makalendala otsala ambuya anandikutira nawo mabuku a kusukulu, chithunzi chikuyang'ana mkati. Imodzi yokha agogo anaikhomera pa mtengo wa mango, ndipo inakhala pamenepo mpaka inayera ndi dzuwa. Sanavomere kuti analakwitsa mpaka tsiku limene anatisiya. Ukawaputa ankangoti, "Koma bokosi ija inali yabwino."

Amalume akadali pa mango paja, imvi zili mbuu, ndipo akuphunzitsa mwana wawo wamkazi kugwira puleni. Ine ndimagwira ntchito pa kashopu kosindikiza pa boma la Chongwe, ndimapanga malebulo a uchi, zikwangwani za masaluni, makalendala a mashopu. Munthu akabwera ndi chithunzi chimene wachikonda yekha, ndimamufunsa kuti chikapachikidwa m'nyumba ya ndani, komanso ngati akunyumba achiona. Ena amakwiya, koma amabweranso.

Ndipo pali khalidwe lina limene ana anga amandiseka nalo. Munthu akanditambasulira kapepala pamsewu, kaya ndi ka mankhwala a nsikidzi, kaya ka sukulu yoyendetsa galimoto imene sindidzapitako, sindimudutsa. Chikwama changa chadzaza ndi timapepala ta eni. Ndimaima ngakhale basi ikundisiya, ndimalandira ndi manja awiri, ndimawerenga iye akuona, kenako ndimamufunsa dzina.