Sitima Yoyenda Ngati Ngolo

Fungo la utsi wa jenereta limandikumbutsa kompyuta ya amalume ku Ulongwe. Tinkasewerapo nkhondo ya sitima zapamadzi. Yako ikamira, unkachoka pampando.

"Tenga yachijeremani yakalekaleyo," anatero Zeka, mwana wa amalume, akundiseka. "Imayenda ngati ngolo."

Nyanja sindinkaidziwa, koma ngolo ndinkaidziwa. Ndinayamba kukhota ndikadali patali, monga ankachitira atate ngolo ikadzaza mbatata ya kachewere. Thukuta linali kamukamu, poti ndinkakhulupirira kuti m'sitimamo muli anthu enieni. Mizinga yanga itagunda, sitima ya mdani inapendekeka n'kumira.

"Anthu anga apulumuka onse!" ndinakuwa, nditakakamira mpando.

Zeka anangoti kukamwa yasa.

Mpaka lero nyanja sindinaionebe, koma anthu anga ndinawafikitsa kumtunda.