Kagiya ka chipepeso

Zimene ndikulembazi zinachitikadi, ndipo sindiwonjezerapo kanthu, pakuti mphamvu zopekera nkhani ndilibe. Papita zaka zinayi, koma aka n'koyamba kuzinena kwa anthu.

Malemu mkazi wanga anakulira pa galaja ya bambo ake ku Limbe. Titakhazikika ku Markham, kutsidya lino la nyanja, anagula galimoto yakalekale, yopangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, n'kuilowetsa m'galaja yathu yaing'onoyo, moti yanga yopitira kuntchito inkagona panja pa chipale chofewa. Chimene ankanyadira kwambiri ndi ekiselo yakumbuyo, chitsulo cholumikiza matayala awiri akumbuyo. Ekiselo imeneyi ili ndi magiya akeake awiri mkati mwa difu, kabokosi kokhala pakati pa ekiseloyo, kuwonjezera pa magiya odziwika aja, ina yokwerera ndi kutsikira zitunda, ina yothamangira pamsewu woongoka. Mukasintha, kagiya kena kakang'ono kamasuntha n'kukalumana ndi mano a mbali iyi kapena iyo. Kagiya kameneko kanali kotha, ndipo mkazi wanga anatisiya asanapeze kena. Anasiya kope lodzaza miyeso, ndipo pa tsamba lina analemba n'kudula mzere kawiri kunsi kwake, kuti kagiya ka magalimoto a chaka chotsatira kamaoneka chimodzimodzi, kamalowanso bwinobwino, koma n'kakafupi pang'ono. Ine ndinaphunzira zamakompyuta, osati zazitsulo, koma tsambalo ndinaliwerenga.

Patatha miyezi ingapo kunabwera mkulu wina wa kumpingo kwathu, wa ku Chipata, amene wakhala makaniko ku Mississauga, tauni ina yakonkuno, zaka zambiri. Nthawi ya maliro iwo anali atapita kumudzi, ndiye anabwera kudzapepesa. Anakhala pansi, chipewa pabondo, kenaka anatulutsa kagiya kokulunga m'nsanza yamafuta. Anati chimenecho ndicho chipepeso chawo, pakuti malemu ankawavutitsa nacho Lamlungu lililonse tikaweruka, ndiye anachisakasaka kwa azungu okalamba osunga zitsulo mpaka anachipeza. Anati mwana wanga, kameneka kadzafita ngati kanabadwira momwemo.

Tsono inu mukanatani? Choyezera chinali m'galaja momwemo, pamwamba pa kope lija. Koma ndani anayezapo chipepeso? Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Loweruka lotsatira anabweranso ndi ovolosi yawo, tinatsegula difu, kagiya kanalowa popanda vuto, ndipo ine ndinangoti tsamba lija lingokhala. Tinayesa galimotoyo m'timisewu ta kwathu, tomwe tilibe chitunda n'chimodzi chomwe, ndipo inasintha magiya bwinobwino.

Chaka chitakwana apongozi anga aakazi anabwera kuchokera kumudzi kudzaona chiliza cha mwana wawo, kumanda a kumpoto kwa Markham, kumene kuli minda ya chimanga. Ndinafuna kuwanyamula pa galimoto ya mwana wawoyo, sindinkafuna china chilichonse chaka chonsecho. Anakhala mpando wakumbuyo monga mwa ulemu. Zaka zonse za ukwati wathu sitinagwiranepo chanza, ndipo akamandiyankhula ankayang'ana kumbali.

Mwambo wa chiliza unatha masana, anzathu anatsogola pa magalimoto awo amakono, ife tinatsalira. Pobwerera pali mtsetse wautali, ndipo kumunsi kwake msewu umakumana ndi wina waukulu. Ndinasintha ekiselo kuti ilowe giya yotsikira, kuti injini izigwira galimoto. Kumbuyo kunamveka kuti khwa, injini inalira yokha ngati mwaponda kilachi, ndipo galimoto inayamba kutsetsereka yosagwiridwa ndi kanthu. Kagiya kaja kanali katatsalira pakati, osaluma uku kapena uko. Mabuleki a magalimoto amenewo ndi a ndodo zachitsulo, sanapangidwe kuti azigwira okha pamtsetse wotero. Ndinaponda, kunamveka fungo lopserera, liwiro silinatsike. Kumunsi kuja, kudzanja lamanzere, kunkabwera lole yonyamula miyala.

Chimene chimandiopsa mpaka lero si lole ija ayi. N'chakuti ndinachotsa phazi pa buleki. Sindinachite mantha, sindinapemphere, ndinangomva kutopa, ndipo mumtima munabwera mawu ofatsa akuti mwina bola chomwechi. Ndinaiwala kuti kumbuyo kuli munthu. Mungamve bwanji mutadziwa kuti munthu wotero amakhala mwa inu?

Pomwepo dzanja linandigwira paphewa, zikhadabo mpaka kulowa m'jekete. Apongozi ananditchula dzina langa lenileni, limene anali asanalitchulepo, ndipo ananditi iwe. Anati iwe, m'dziko lozizira lino ndaikamo mwana mmodzi ndipo sindiikamonso wina, koka handibuleki msanga. Pokhala mkazi wa mwini galaja ya ku Limbe ija, ankadziwa kumene ili. Ndinakoka ndi mphamvu zonse, n'kukhotetsera galimoto ku miyala ya m'mbali mwa msewu, ndipo inagwedezeka, inalowa m'ngalande ya udzu, n'kukaima mphuno ili m'mapesi. Lole inadutsa, dalaivala wake osadziwa kanthu.

Apongozi anachotsa dzanja, anakonza duku lawo, anayang'ana kumbali n'kufunsa ngati akamwini avulala. Nditati ayi, anati galimotoyi ndi yamakani ngati mwini wake. Ndinalira pamenepo, pa chiwongolero, koyamba chichokereni kumaliro. Sananene kanthu za phazi lija, ngakhale ndikudziwa kuti analiona.

Nditatsegula difu ndinayeza kagiya kaja. Kanali kakafupi ndi makulidwe a kamtengo ka machesi, ndiye mano ankangolumana kunsonga. Nditawauza akulu akumpingo aja anagwira pakamwa. Anati iwo ankaganiza kuti ndinayeza kale, pakuti ndine wasukulu, ndipo anachita manyazi kutulutsa choyezera chawo pa galimoto ya malemu, mwini nyumba ali pomwepo. Anthu awiri akuluakulu, aliyense kuopa mnzake.

Ena kumpingo amati malemu ankandiitana tsiku limenelo. Ine sindikhulupirira zimenezo. Munthu wofuna kuti ndimutsatire sakanadula mzere kawiri pa tsamba lija. Galimotoyo ikadali m'galaja, ndipo kagiya koyenera sindinakapezebe, koma sindikufulumiranso.

Abale anga, chipepeso landirani ndi manja awiri, koma chikakhala chitsulo cholowa m'galimoto, yezani pamaso pa woperekayo, adzakukhululukirani. Ndipo namfedwa akamakuuzani kuti ali bwino, musamusiye yekha pa chiwongolero. Khalani poti dzanja lanu lingafike paphewa lake.