Mtanda wa m'chigafa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma thupi langa linali litathamanga kuzisiya zakazo m'mbuyo. Ndinali wamtali ngati nsungwi, miyendo yokhayokha. Makolo anga anali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Lisasadzi, titachokera kwathu ku Phalombe, ndipo kumeneko zaka za mwana sankafunsa kwa amake. Kapitawo wathu, a Gondwe, anali ndi muyeso wawo: mtanda wam'munsi wa m'chigafa, momwe tinkayanikamo fodya. Ukaugwira mapazi ali pansi, basi wakula, sukulu yatha.

Ine ndinaugwira ndikuseka, wopusa ine, kumaona ngati ndapambana mpikisano. Mawa lake anandibereketsa mpope wa mankhwala. Manja ankada ndi utomoni wa masamba, mutu waziii, kukhosi kowawa. Belu la sukulu likalira kutsidya kwa dambo, mtima unkandinyamuka. Ndinkangoponda apa ndi apo ngati ndalowa linthumbu, koma kopita kunalibe.

Tsiku lina fumbi la galimoto linaoneka mumsewu, wina n'kukuwa kuti kwabwera a leba, a boma oyendera zantchito. A Gondwe anathamangitsira ana onse m'chimanga. Ngakhale msuweni wanga Limbani, munthu wandevu kale koma wamfupi, anabisidwa. Ine anandisiya poyera, mpope kumsana.

M'galimotomo munatsika mayi wovala nsapato za mphira. Anandiyang'ana kumaso, osati kumiyendo.

"Iwe, uli ndi zaka zingati?"

"Aaa, madamu, uyu ndi bambo uyu, taonani kutalika," a Gondwe anandiyankhira.

Mayiyo anatembenukira kwa amayi anga, amene ankasoka fodya pamthunzi. Bambo anaweramitsa mutu. Tonse tinkadziwa kuti amayi akanena zoona, chaka chamawa malo athu pa esiteti sakhalapo. Amayi anaika singano pansi.

"Ndinabereka ndine ameneyu. Anabadwa chaka cha njala ija tinkadya mizu ya nthochi. Khumi ndi zitatu sanakwane. Ndi mwana, kungoti anatengera agogo ake kutalika."

Mayi wa leba anandivula yekha mpopewo. Anawauza a Gondwe kuti malamulo a dziko amati aliyense wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndi mwana, ndipo ntchito ya mankhwala saloledwa kuigwira. Wosakwana khumi ndi zinayi ndiye salembedwa n'komwe ntchito. A Gondwe ankangoti "eya, eya," koma diso lawo linali pa amayi.

Fodya atagulitsidwa, anatiuza kuti tikafune kwina. Tinakwera lole mpaka ku Njombwa kwa achibale, bambo osalankhula ndi amayi njira yonse. Kumeneko ndinalowa Sitandade 4, mawondo osakwana m'desiki, anzanga akunditcha "ankolo." Manyazi ndinkachita, koma sindinajombepo.

Ndinkaganiza kuti amene anandipulumutsa ndi mayi wa leba. Lero ndikuona kuti lamulo likanangokwera galimoto n'kubwerera, pakanapanda munthu wolola kutaya malo ake ponena zaka zanga.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali ngati ine ndemwe. Anthu ayamba kundinong'oneza kuti, "Wakula uyu, pali mnyamata akumufunsira." Ndikamva mawu amenewo, msana umandiyabwa pamene pankakhala mpope paja. Ndimawayankha monga anayankhira amayi: ndinabereka ndine, ndi mwana ameneyu.